Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Anachisale a pagalasi

Paja tinalekezera pomwe ndinasiya ntchito ya m'gadeni ija nkupeza ya udalaivala ku Randburg, 2014 imeneyo. Laisensi ndinali nayo koma Joni ndimangodziwa njira ya ku Park Station ndi ya kutchalitchi basi. Tsiku loyamba abwana anatsegula dirowa nkutulutsa ka GPS kakalekale, kukula kwake ngati sopo wochapira, kong'aluka pakona, amvekere aka kazikuuza kolowera. Foni yanga inali ya mabatani ndiye ndinakalandira ndi manja awiri.

Mkatimo mumayankhula mzimayi wa chizungu cha m'mphuno, ine ndinawatcha Anachisale poti amachita ngati azakhali anga a ku Ntcheu, sakuwa koma sagonja. Kuwadzutsa m'mawa inali ntchito payokha, ubaye chingwe poyatsira ndudu paja kenako udikire akusakasaka satelayiti, iwe injini ikulira abwana akukuyang'ana pawindo. Kampira komatira pagalasi kanali kotha, dzuwa likangoswa mtengo Anachisale phii pansi pa mabuleki, ndiye ndimakapaka malovu nkumatanso, mundikhululukire koma ndi mmene zinalili.

Koma nkhani yeniyeni inali mapu. Anachisale anatsalira mu Joni wakale. Pepala la katundu lalembedwa Malibongwe Drive, ine kutaipa iwo akuti msewu umenewo kulibe. Ndalemba dzina la dera basi, tanyamuka, akuti khotera mu Hans Strijdom, ine maso pa zikwangwani Hans Strijdom osaoneka, ndadutsa, iwo recalculating, ndabwerera, recalculating, mpaka ndinayima pothira mafuta thukuta lili kamukamu nkufunsa mnyamata wothira petulo. Anaseka mpaka kugwira pampu, akuti m'bale wanga msewu ndi womwewu waimapowu, dzina anasintha mu 2007. Hendrik Verwoerd naye anasanduka Bram Fischer. Ku Pretoria ndiye kunali kulira, kumeneko anasintha mu 2012, Schoeman anasanduka Francis Baard, Church Street anachita kuiduladula mbali ina nkukhala Stanza Bopape. Ndinagula kakope ka sukulu, kumanzere dzina la Anachisale kumanja dzina la pachikwangwani, ndipo mpaka lero ndikamalozera munthu njira ndimatchula mayina akale ngati kuti ndinabadwira komweko nthawi ya tsankho.

Tsiku lina madamu anaimba kuchokera kumudzi, foni ndaika pa laudi, tikukambirana za feteleza, Anachisale osapempha nkomwe amvekere turn left. Kunali zii. Kenako, "Bambo a Chisomo, ameneyo nde ndani?" Ndinalongosola za satelayiti mpaka mayunitsi kutha, yankho lake linali loti satelayitiyo mumupatse moni.

Abwana atagula foni yamakono anati ka GPS kaja katenge, ndiye Disembala 2016 popita kumudzi pa kagalimoto kanga koyamba ndinawatenga dala kuti madamu akawaone ndi maso. Mpaka Musina amatsogolera bwinobwino mu N1, titangowoloka Beitbridge misewu yonse pagalasi inazimiririka, kunangotsala kamuvi kakuyandama pamalo oyera ngati bwato pa nyanja. Masvingo, Harare, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, konseko ndimafunsa madalaivala a mathiraki, aka kanali koyamba ine kudziwa njira kuposa Anachisale ndipo ndisaname ndinawamvera chisoni.

Titafika ndinakayatsa pabwalo anthu atazungulira galimoto. Madamu anakatembenuza uku ndi uku, kukagwedeza, nkuti mawu onse aja ndi kameneka? Amayi anga sanaseke nawo, anangofunsa ngati mlendoyo wadya chilichonse chichokereni ku Joni.