Mgolo umene sindinaukhudze ku Zichron Yaakov

Famu imene ndimagwirako ntchito kuno ku Israel ili m'chigwa chopapatiza pakati pa nyanja ya Mediterranean ndi phiri la Carmel, kumwera kwa Haifa. Timalima nthochi pansi pa maneti. Ndikaweramuka kuti ndiwongole msana, maso amafika pa nyumba za madenga ofiira zimene zili pamwamba pa phiri. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikungozionera patali. Tsiku lina Lachisanu mu Novembala, titaweruka msanga, bambo wina wachikulire amene amayendetsa galimoto ya pafamu anati akukwera kumtundako. Ine ndi mnzanga wa ku Ntchisi tinapempha matola. Anatichenjeza kuti tisachedwe, poti dzuwa likapendeka masitolo amatseka, mabasi ndi sitima zimaima, Sabata ikulowa.

Tauniyo ndi Zichron Yaakov, ndiye kuti "chikumbutso cha Yakobo". Anaiyamba mu 1882 Ayuda ochokera ku Romania. Nthaka yamiyala ndi malungo zinatsala pang'ono kuwagonjetsa, mpaka mpondamatiki wa ku France, Baron Edmond de Rothschild, anawagwira dzanja mu 1883 n'kutcha malowo dzina la bambo ake. Banja la Rothschild ndi lomwe linali ndi munda wa mpesa wotchuka wa Château Lafite ku Bordeaux, motero sizodabwitsa kuti maganizo ake anathamangira ku vinyo. Anatumiza mbewu ndi akatswiri kuchokera ku France, namanga mosungira vinyo ku Rishon LeZion mu 1890 ndi ku Zichron Yaakov mu 1892. Anayesanso fakitale ya mabotolo pagombe la Tantura, imene woyang'anira wake anali Meir Dizengoff, uja anadzakhala meya woyamba wa Tel Aviv, koma sinakhalitse. Kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanasakaza minda zaka zomwezo, alimi n'kuzula mpesa wawo, kudzalanso womezanitsa pa mizu ya ku America. Mu 1906 ntchito yoyendetsa malo osungira vinyowo inaperekedwa m'manja mwa bungwe la alimi eni ake, ndipo ndiko kunachokera kampani ya Carmel imene chinyumba chake chakale chamiyala chikadalipo kumunsi kwa tauni.

Tinayenda mumsewu wa Hameyasdim, woyalidwa miyala, n'kudutsa pa sunagoge wa Ohel Yaakov wa mu 1886. Anthu anali pikitipikiti, wina wanyamula maluwa, wina buledi woluka wa Sabata. Sitinachedwemo. Bambo aja anali ndi mnzawo amene amafulula vinyo pa kamalo kakang'ono kunja kwa tauni, ndipo ndi kumene mtima wanga unatsala.

Kwathu ku Kasungu vinyo ndinkamudziwira pa gome la mgonero basi, kadontho kotsekemera m'kakapu. Mawu akuti kosher ndinawaphunzira kuno, ndipo ndinkayesa kuti amatanthauza chakudya chimene rabi wachipempherera. Si choncho ayi. Ndi chakudya kapena chakumwa chimene chakonzedwa motsata malamulo a Chiyuda kuyambira kumunda mpaka pakamwa, ndipo pa vinyo malamulowo ndi okhwima kuposa pa zinthu zambiri.

Ndinaziphunzira ndi manyazi pang'ono. Titatsikira m'chipinda chozizira chapansi, ndinaona migolo itandandalikana, yosalala, ya mtundu wa uchi, yomangidwa ndi malamba achitsulo. Ine ndine mwana wa mlimi, chinthu chokongola ndimachimva ndi manja. Ndinatambasula dzanja. Mnyamata wina wovala kachipewa kakang'ono pamutu, amene anali chete pakona, anandiimitsa ndi mawu ofatsa kuti chonde ndisakhudze. Ndinabweza dzanja, mtima utaŵaŵa. Ukakhala mlendo wakuda m'dziko la eni, mawu oterowo umawamva ndi makutu ena.

Mwini malowo anaona nkhope yanga. Analowetsa manja ake onse awiri m'matumba n'kundiuza kuti nayenso sakhudza. Munda ndi wake, migolo anagula yekha, vinyo amamulingalira ndi iyeyo, koma poti iye ndi Myuda wosasunga Sabata, kuyambira pamene mphesa zafinyidwa mpaka botolo litatsekedwa, saloledwa kutsegula mgolo kapena kutembenuza mpopi. Amene amachita zimenezo ndi antchito osunga Sabata, pamaso pa woyang'anira wotchedwa mashgiach, yemwe ndi mnyamata uja. Akafuna kulawa vinyo wake yemwe, amapempha kuti amutungire. Chotsekera cha mgolo uliwonse chinali chomatidwa ndi chidindo. Lamuloli ndi lakalekale, linayamba pa nthawi imene anthu a mitundu yozungulira ankathira vinyo nsembe kwa mafano, ndipo Ayuda anafuna kuti vinyo wa mapemphero awo asasokonezeke ndi ameneyo. Nditamva zimenezi mtima unatsika. Panalibe amene anandiyang'ana khungu, tonse awiri ndi mwini wake tinali kunja kwa mpanda umodzi.

Malamulo ena ndinawazindikira ngati abale, chifukwa tinawawerenga ku Sande sukulu osadziwa kuti pali anthu amene amawatsata ndi khasu m'manja. Mpesa ukadzalidwa, zipatso za zaka zitatu zoyamba sazigwiritsa ntchito, monga akunenera Levitiko 19. Pakati pa mizere ya mpesa sadzala mbewu zina. Chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse ndi chaka choti nthaka ipume, chimene amachitcha shmita, ndipo chaposachedwa chinayamba mu Seputembala 2021 n'kutha mu Seputembala 2022. Vinyo akapsa, amataya pansi gawo lopitirira pang'ono limodzi mwa magawo 100, pokumbukira chopereka cha ansembe a m'Kachisi. Ngakhale poyeretsa vinyo kuti nsenga zikhale pansi sagwiritsa ntchito jelatini wochokera ku nyama zosaloledwa, ambiri amathira dothi lapadera lotchedwa bentonite. Ine amene ndinakulira pakhomo pomwe m'munda umodzi mumakhala chimanga, nyemba, maungu ndi chisoso, ndinaganizira mlimi woyang'ana mphesa za chaka chachitatu zitalendewera, zakupsa, iye n'kuzileka. Pamafunika mtima.

Tsono za mgolowo. Mtengo wake ndi thundu, uja timaumva m'Baibulo, koma matabwa ake amachokera kunkhalango za ku France, ena ku America. Mgolo umodzi umalowa malita 225, omwe ndi mabotolo pafupifupi 300. Matabwawo amawaumitsa panja zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo popanga mgolo amasonkha moto m'kati kuti apindike ndi kuwauka. Kuwauka kumeneko ndiye chinsinsi. Moto umadzutsa fungo la vanila, la zokometsera ndi la utsi m'thabwa, ndipo vinyo amaliyamwa pang'onopang'ono. Kudzera m'timabowo tosaoneka ta thabwa mumalowanso kampweya kochepa kamene kamafewetsa ukali wa vinyo. Vinyo wina amauluka ngati nthunzi, motero mnyamata uja amayenera kumadzaza migolo nthawi ndi nthawi kuti mpweya usachuluke n'kusasitsa vinyo. Atafotokoza zimenezi ndinaona agogo anga ali m'chigafa cha fodya wa chikopa, akusamala moto wa utsi usiku wonse kuti usayake kwambiri, usazimenso, mpaka tsamba litada ndi kununkhira. Ntchito yake ndi yomweyo, yopatsa chomera fungo la mtengo ndi moto popanda kuchipsereza.

Anatipatsa matambula awiri aliyense, ndipo wothira anali mnyamata uja. Onse awiri anali vinyo wa mphesa za Carignan, mtundu umene walimidwa m'derali kwa zaka zoposa 100. Kale unkanyozeka, poti umabereka kwambiri ndipo unkapita ku vinyo wotchipa. Koma mpesa ukakalamba umabereka pang'ono, ndipo kukoma konse kumaunjikana m'timphesa tochepato.

Woyamba anali wa chaka chomwecho, wosalowa mumgolo, wotungidwa m'thanki yachitsulo. Mtundu wake unali wofiirira mowala ngati madzi a mabulosi, fungo lake la zipatso zongothyola. Pakamwa anali waphuma: wowawasa, wolumpha, ndipo nditameza lilime ndi nkhama zinauma ngati ndatafuna nthochi yosapsa. Kuumitsa kumeneko kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo ndi komwe timakumva mu tiyi amene wakhalitsa m'ketulo.

Wachiwiri anali atagona mu thundu miyezi 14, kenako chaka china m'botolo. Nditamupendeketsa pa pepala loyera, pakati anali wakuda bii, m'mphepete mofiira ngati magazi a ng'ombe. Anandiuza kuti ndizunguze tambula kaye ndisananunkhize. Poyamba panabwera zipatso, koma osati zongothyola: nthudza zakupsa kwambiri, mabulosi ophika, ndi kena kake ka masawu ouma. Kumbuyo kwake kunabwera vanila wofatsa, tsabola wakuda, khofi wokazinga. Ndipo pansi pa zonsezo, mwakachetechete, panali tsamba la fodya louma. Sindikukokomeza. Ndinayang'ana mnzanga wa ku Ntchisi, iye n'kundiyang'ananso.

"Achimwene, mwamva chigafa?" anatero.

"Ndamva, achimwene."

Pakamwa sanali wotsekemera ngakhale pang'ono, ndipo ichi ndicho chimadabwitsa munthu wozolowera vinyo wa mgonero: mphuno imalonjeza shuga, lilime silimupeza. Shuga yense anasanduka mowa, wofika 14 peresenti, ndipo umamveka ngati kutentha kofatsa pachifuwa. Kuwawasa kunalipo ndithu, kofanana ndi bwemba wothira madzi, ndipo ndi kumene kumachititsa kuti pakamwa pasatope. Kuuma kuja kunalinso pomwepo, koma kutasalala, ngati chikopa chofufutidwa bwino. Nditameza ndinawerenga mumtima mpaka 20 kukoma kusanathe, ndipo chomalizira kuchoka chinali utsi. Mwa kuona kwanga vanila anachulukirako pang'ono m'kumwa koyamba. Tambula itakhala mphindi khumi patebulo, iye anabwerera m'mbuyo, zipatso n'kutsogola, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinamukonda zedi.

Ndinafunsa ngati kukoma kumeneku n'chifukwa choti ndi wa kosher. Mwini wake anapukusa mutu. Malamulo sawonjezera fungo, sachotsanso. Kukoma ndi kwa mphesa, nthaka, dzuwa ndi mgolo. Pali chinthu chimodzi chokha chimene chingakhudze kukoma: vinyo wina amamutenthetsa kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kumuziziritsa msanga, ndipo ameneyo amatchedwa mevushal, kutanthauza wophika. Wotereyo angathe kuthiridwa ndi munthu aliyense osataya ukosher wake, n'chifukwa chake amapezeka kwambiri m'malesitanti ndi pa maukwati. Wathuyu sanali wophika. Botolo lili chitsekere ndingathe kulinyamula mmene ndingafunire, koma ndikangolitsegula ndi kuthira ine, Myuda wosunga malamulo sangamwenso.

Tinawombanitsa matambula ndi mawu awo akuti lechaim, "ku moyo". Mnyamata uja anali atayamba kale kuyang'ana wotchi, kwawo kunali kiddush yomudikira, dalitso la pa chikho cha vinyo limene amalandirira nalo Sabata. Ine ndi mnzanga tinasonkherana n'kugula botolo limodzi. Ku Ramat HaNadiv, munda wamaluwa kumene Baron uja ndi mkazi wake anaikidwa mu 1954, sitinafikeko, nthawi inatithera. Tinatsika phiri misewu itayamba kale kuchita zii, nyanja ili psuu kumadzulo.

Usiku umenewo tinaphika nsima ya semolina, poti ufa woyera kuno ndi wosowa, ndi nyama ya ng'ombe yonona yothira tomato ndi anyezi. Tinali asanu, botolo limodzi, makapu a tiyi. Ndinalitsegula ndi manja anga n'kulisiya lipume pamene nsima inali pamoto. Mafuta a nyama anameza kuuma kuja konse, patsala zipatso ndi utsi. Mmodzi wa ife, wa ku Mulanje, anati akumva tiyi, osati fodya, ndipo tinatsutsana mpaka mbale zitayera. Chotsekera cha botololo ndinachisunga m'chikwama, mbali imodzi n'chofiira ndipo chikununkhirabe. Ndikufuna bambo akachinunkhize okha ndikadzafika ku Kasungu, ndione ngati adzatchule chigafa ndisanawauze.