Kukhala ndi phuma pakhomo uli pa kemo

Ndikulandira mankhwala a khansa ya m'mawere, aja a diripi omwe tonse timangoti kemo, ndipo ndili mkati molandira mankhwalawa, m'chifuwa mwanga munayamba kudzadza madzi. Kanayamba ndi kachifuwa kouma, kenako befu ndikamakwera kamtunda kochokera kumsika, mpaka ngakhale powerama kuti ndivale nsapato. Kuchipatala anayamba ndi kuyeza makhololo pa makina a GeneXpert, poti kwathu kuno wotsokomola nthawi yaitali amayamba waganiziridwa TB. Sanapeze kanthu. Chithunzi cha X-ray ndicho chinaonetsa kuyera m'munsi mwa phapo lakumanja. Adokotala anandijambulira papepala kuti phapo limakutidwa ndi tizikopa tiwiri topyapyala, ndipo madzi akalowa pakati pake amalifinya, ndiye silifutukuka mokwanira.

Pochotsa madziwo anandikhazika pampando, ndinaweramira patebulo, anabaya jakisoni wadzanzi, kenako singano inalowa pakati pa nthiti chakumsana. Anandiuza kuti kawirikawiri sapitirira malita 1.5 nthawi imodzi, chifukwa phapo likafutukuka mwadzidzidzi limavulala. Ndinatuluka ndikupuma bwino, koma anamwino sanandibisire: "Amayi, madziwa akhoza kubwereranso. Muziyang'anira."

Chinthu choyamba chimene tinasintha kunyumba ndi kagonedwe. Kugona chagada basi ndinasiya. Tinapinda mabulangete n'kuwaika pansi pa matiresi chakumutu, pamwamba mapilo awiri, kuti ndizigona chotsamira. Ndikafuna kugona cham'mbali, kwa ine zimakhalako bwino ndikagonera kumene kuli madziko.

Phuma likandigwira, mantha ndi amene amayamba kufika. Ukaopa umapuma mofulumira, ukapuma mofulumira umabanika kwambiri, ndipo mantha amawonjezereka. Chimene anandiphunzitsa, chomwe ndimachita mpaka lero, ndi ichi. Ndimakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi pansi, zigongono pamaondo, mapewa ndawagwetsa. Ndimakoka mpweya ndi mphuno kwinaku ndikuwerenga mumtima mpaka 2, kenako ndimautulutsa pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka ngati ndikuuzira phala la mwana, mpaka 4. Thupi limafuna kungokoka, koma mpumulo umabwera ndi kutulutsako. Bambo a kunyumba anazolowera gawo lawo. Amatsegula windo, amatenga kachidutswa ka katoni n'kumandikupiza kumaso, makamaka pamphuno ndi pakamwa, ndipo amangobwereza mawu amodzimodzi: "Tulutsani, mayi, tulutsani." Kamphepo kozizira kumaso kamachepetsadi kubanika, ndipo sikadikira kuti magetsi ayake. Tinagwirizananso kuti nthawi imeneyo asamandifunse mafunso, ndipo ana asaunjikane m'chipinda. Munthu wobanika alibe mpweya woyankhira.

Za utsi ndinalimbana nazo kwambiri. Mbaula inatuluka panja ndipo siilowanso, ngakhale m'chisanu cha Juni ndi Julaye. Koyilo ya udzudzu tinasiya, tikugona m'neti. Posesa amayamba awaza madzi, m'nyumba amakolopa. Aneba akatentha zinyalala ndimatseka mawindo a mbali imeneyo. Apongozi anabwera ndi masamba a bulugamu kuti ndidzifukize, monga ambiri ankachitira nthawi ya Covid-19. Ndinawathokoza, koma ndinawafotokozera kuti madzi angawa ali kunja kwa phapo, kumene nthunzi siifika, ndipo kufunda bulangete kumutu kungondibanikitsa.

Mphamvu ndimazigawa. Ndimasamba nditakhala pampando, ndi madzi ofunda pang'ono, chitseko chosatseka kwathunthu. Nsima ndimadya pang'ono koma kangapo, chifukwa mimba ikadzadza imakankha m'chifuwa. Nyemba ndi kabichi ndinachepetsa. Koma sindigona tsiku lonse ayi, ndimazungulira pabwalo n'kumapumira pakhonde.

Mofini wamadzi ndinamukana poyamba, poti ndinkamva kuti amaperekedwa kwa amene zawo zatha. Si zoona. Anamwino osamalira odwala matenda amgonagona, monga a ku Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena a ku Ndi Moyo ku Salima, amapereka mlingo wochepa kuti muchepetse ululu komanso kubanika. Ndimamwa monga anandilembera, osawonjezera ndekha. Mofini amadzimbitsa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi uli ndi phuma n'kowawa.

Chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri ndi kusiyanitsa phuma lothana nalo pakhomo ndi lothamangira nalo kuchipatala. Tinamata pepala kuseri kwa chitseko kuti aliyense aziwerenga. Themometa ikafika 38, timanyamuka, ngakhale pakati pa usiku. Kemo imagwetsa asilikali a m'magazi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni, ndipo chibayo chimene wina angachire nacho mosavuta chingakutengeni pa maola ochepa. Musamwe Panado musanayeze, amabisa kutenthako. Musangoti ndi malungo n'kutuma mwana kugolosale. Timanyamukanso ndikatsokomola magazi, ndikalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, milomo ikachita mbuu, kapena m'chifuwa mukabaya mwadzidzidzi. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka musautikite: khansa imachititsa magazi kuundana, ndipo chibulumacho chikhoza kukatseka mitsempha ya m'mapapo.

Mlamu wanga anatigulira kamakina kopana chala koyezera mpweya m'magazi. Adokotala anandiuza kuti kwa ine kakamakhala pansi pa 92 nditapumula ndibwere. Funsani nambala yanu, chifukwa siifanana kwa onse. Chala chikazizira kapena chikhadabo chikakhala ndi penti kamanama, ndiye ndimayamba ndatenthetsa dzanja. Ndipo ngati ndikubanika kwambiri, sindimvera kamakinako ngakhale katawerenga bwino.

Kwa anzanga a khansa ya Kaposi amene mukulandira bleomycin, mankhwala amenewo paokha amatha kuwononga mapapo. Kachifuwa kouma katsopano kaneneni musanalandire diripi yotsatira, musadikire kufunsidwa.

Chikwama chimakhala chomangiratu pafupi ndi khomo. Muli buku lakuchipatala, mankhwala onse m'mapaketi ake, chitenje, kapu ndi ndalama ya mayendedwe yomwe sitiikhudza ngakhale sopo atatha. Tinapangana ndi aneba a galimoto, ndipo nambala yawo ili papepala lomwe lija. Tikafika pachipatala sitikhala chete pabenchi kudikira mzere. Bambo amapita kwa anamwino n'kunena kuti, "Mayiwa ali pa kemo, thupi latentha ndipo akubanika," n'kuwaonetsa tsamba lolembedwa tsiku limene ndinalandira diripi yomaliza.