Bourbon wa mapichesi ndi minti wa nyengo yotentha

Dedza imadziwika ndi kuzizira, koma mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, dzuwa limaswa mtengo ngakhale pa boma pomwe. Nthawi imeneyi ndi imenenso mapichesi amayamba kudzaza m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa M1, pa Lizulu, pa Bembeke ndi pa mphambano ya ku Tsangano. Mapichesi amenewa akakumana ndi bourbon, minti ndi mandimu, pamatuluka chakumwa chozizira chimene m'mabala a kunja amachitcha smash. Kupanga kwake n'kosavuta, koma ambiri chimawakanika pa zinthu ziwiri: pichesi losapsa ndi minti wosinjidwa mopitirira muyezo.

Bourbon ndi wisiki wa ku America, ndipo wambiri amaphikidwa ku Kentucky. Lamulo la dziko la America limati pa mbewu zophikira mowawu, chimanga chisachepere 51 peresenti, usungidwe m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauliwa ndi moto mkati, ndipo m'botolo mphamvu yake isachepere 40 peresenti. Chimanga ndi mgolo wowaulawo ndi zimene zimaupatsa kakomedwe kotsekemerera ndi kafungo ka vanila, n'chifukwa chake umayanjana ndi zipatso. Musawononge ndalama pa botolo lodula, Jim Beam wa lebulo yoyera ndi wokwanira. Jack Daniel's ndi wa ku Tennessee ndipo pa botolo pake salembapo kuti bourbon, koma ntchito amagwira bwinobwino. Wisiki wa ku Scotland wa fungo la utsi ayi, amakwirira pichesi lonse.

Pa tambula imodzi pafunika bourbon wokwana mamililita 60, omwe ndi masupuni aakulu 4, theka la pichesi lakupsa, masamba 8 a minti, madzi a mandimu mamililita 20, manyuchi a shuga supuni yaikulu imodzi, ndi ayisi wambiri. Manyuchiwo mumapanga nokha: kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya madzi, kutenthetsa mpaka shuga yense asungunuke, kenako kuziziritsa. Shuga wouma musathire mwachindunji. M'mowa wozizira sasungunuka, amangokhala pansi, ndiye mumamwa zowawasa pamwamba n'kukapeza matope a shuga kumapeto.

Tsono nkhani yaikulu ili pa pichesi. Mapichesi ambiri ogulitsidwa mumsewu amathyoledwa akadali olimba kuti asaphwanyike pa ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Oterowo mukawasinja m'chakumwa amangotulutsa khambi, fungo palibe. Posankha, dinikizani ndi chala pafupi ndi pamene panali kamtengo. Likabonyoka pang'ono ndipo likununkhira musanalidule, lapsa. Khungu lofiira lisakunyengeni, yang'anani mtundu wa pansi pake: ukakhala wobiriwira, silinafike. Olimba pang'ono akulungeni m'pepala pamodzi ndi nthochi yakupsa kwa masiku awiri kapena atatu, chifukwa nthochi imatulutsa mpweya wofulumizitsa kupsa. Ndipo pichesi lililonse muziling'amba n'kuona pafupi ndi njere. Kabowo kakang'ono pa khungu nthawi zambiri kamatanthauza kuti ntchentche ya zipatso inaikira mazira, mkati muli mphutsi.

Ngati mapichesi akana kufewa, aphikeni m'manyuchi. Dulani mapichesi 4 m'tizidutswa, khungu lisachotsedwe chifukwa ndilo limapereka mtundu, ikani mu kapu imodzi ya madzi ndi kapu imodzi ya shuga, ziwire pa moto wochepa kwa mphindi 10 mpaka 15. Phulani, vundikirani mpaka zizizire, sefani. Manyuchi a pichesi amenewa muzithira masupuni aakulu awiri pa tambula, m'malo mwa chipatso ndi manyuchi wamba aja. M'firiji amakhala pafupifupi sabata imodzi, koma magetsi akamazimazima aoneni kaye: akayamba thovu kapena kununkha ngati akusasa, tayani. Njere za pichesi musaswe n'kuphikira limodzi, ka mkati mwake kali ndi poizoni.

Chokhutchumulira cha ku bala sichofunika. Botolo la jamu lotsuka bwino, la chivundikiro chomanga, likwanira. Ikani pichesi ndi manyuchi m'botolomo, sinjani ndi chigwiriro cha mthiko woyera mpaka likhale phala. Mthikowo usakhale wa ndiwo, fungo la anyezi ndi usipa silichoka pa mtengo. Mukatero ndiye muponyemo minti, ndipo apa dzanja lipepuke: kudinikiza katatu kapena kanayi basi. Fungo la minti lili m'timafuta ta pamwamba pa tsamba, ndipo timatuluka mukangolikhudza. Mukalinyenya, mumatulutsa madzi obiriwira a mkati omwe ndi owawa, chakumwa n'kumamveka udzu. N'chifukwa chake pichesi limayamba, minti pambuyo. Mukaziika pamodzi, mphamvu yophwanyira pichesi imathera pa minti.

Thirani bourbon ndi madzi a mandimu, onjezani ayisi wa zibuma mpaka kupitirira theka la botolo, tsekani, khutchumulani mwamphamvu kwa masekondi 12 mpaka 15. Kunja kwa botolo kukachita mame ndipo dzanja layamba kuzizidwa, zakwana. Sefani ndi sefa ya tiyi kulowetsa mu tambula yodzaza ndi ayisi wophwanya, mukukanikiza phalalo ndi supuni. Kamtengo ka minti kokongoletsera pamwamba pa tambula kaombeni kamodzi pa chikhatho musanakaike, mphuno izilandira fungo pakamwa pasanalawe. Ofuna chopepukirapo athire madzi a soda (soda water) mamililita 50.

Minti ali mitundu ingapo. Woyenera ndi spearmint, wa masamba obiriwira owala, okwinyika pang'ono. Peppermint, wa mitengo yofiirira, ndi waukali ndipo chakumwa chimamveka ngati mankhwala otsukira mano. Kuno kumapiri minti amachita bwino pa malo a chinyontho, koma mubzaleni m'chidebe, chifukwa m'dimba amayanga ndi mizu mpaka kulanda bedi la tomato.

Mandimu a kwathu a khungu lokhakhala ali ndi njere zambiri ndi khungu loyera lochindikala, lomwe ndi lowawa. Finyani madzi okha n'kusefa, musasinjire khungu m'botolo. Afinyeni tsiku lomwelo. Mukalawa n'kupeza kuti chikuwawasa kwambiri, onjezani manyuchi supuni ya tiyi imodzi. Chikatsekemera mpaka kukola pakhosi, ndi mandimu amene achepa, osati mowa.

Ayisi apangidwe ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, popeza mowa wa mu tambula supha majeremusi onse. Pophwanya, mukulungeni mu nsalu yoyera ya mbale n'kumenya ndi munsi waung'ono. Nsaluyo imamwa madzi osungunuka, ayisi n'kutsala wouma. Osaumira ayisi. Zibuma ziwiri zokha zimasungunuka msanga pa dzuwa la Novembala ndipo chakumwa chimasukuluka, pamene tambula yodzaza imadzisungira kuzizira.

Mapichesi akatha, mango ochokera ku Golomoti ndi ku Bwanje amalowa m'malo. Sankhani a ulusi wochepa, thirani masupuni aakulu awiri a mnofu wake, muchepetse manyuchi ndi theka chifukwa mango ndi otsekemera kale.

Kutsekemera kwake kumabisa mphamvu. Mamililita 60 a mowa wa 40 peresenti ali ndi mamililita 24 a mowa weniweni, pamene botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi 16.5. Tambula imodzi ndi pafupifupi botolo limodzi ndi theka. Chakumwachi n'cha akuluakulu a zaka 18 kupita m'tsogolo, osati amayi oyembekezera, ndipo amene agwire chiwongolero pa M1 asalawe. Iwowo apangireni chimodzimodzi, koma m'malo mwa bourbon thirani mamililita 90 a tiyi wakuda wa ku Thyolo kapena ku Mulanje wozizira. Masamba a tiyiwo akhale m'madzi otentha mphindi 4 zokha, akapitirira pamenepo amachita khambi.