Timadontho 7 pa nsomba yabuluu

Loweruka

Ndinadzuka mochedwa pang'ono lero, ndipo monga mwa masiku onse ndinayamba ndakaima pa thanki yanga yowetera nsomba za m'madzi amchere ndisanasambe n'komwe. Magetsi ake anali asanayake, kunali kuwala kwa pawindo kokha. Blue tang yanga, nsomba yabuluu imene imakhala yoyamba kufika pagalasi kudzapempha chakudya, inabwera ndithu. Koma itatembenuka ndinaona timadontho toyera pachipsepse cha kumanzere ndi tina chakumchira. Mtima unangoti myuu.

Mayi akunyumba anandipeza nditaphatika mphuno pagalasi.

"Inu, bwanji mwangoti chilili ngati mwaona njoka?"

Ndinawalozera. Anasuzumira kamodzi, n'kunena kuti, "Si muli ndi kabotolo ka mankhwala kaja munagula chaka chatha? Thiranimo basi, zisanafalikire."

Kunena zoona dzanja linali litayamba kale kulowera ku kabati. Kabotolo kaja ndi ka kopa, ndipo kopa mu thanki imene muli makorali (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera kapena miyala), nkhono ndi tinkhanu ndi poizoni weniweni. Amapha zonsezo, kenako amalowerera m'miyala ndi mumchenga n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Komanso ndinali ndisanadziwe chimene ndikulimbana nacho. Kadontho koyera pansomba ya m'madzi amchere kakhoza kukhala zinthu zambiri zosiyana, china chopha m'masiku awiri, china chongofuna kuti uchisiye chokha. Ndinatseka kabati, n'kutenga foni ndi kabuku.

Chiyembekezo changa choyamba chinali mchenga. Masiku 12 apitawo ndinaikamo goby, ija imabwira mchenga m'kamwa n'kumautulutsira m'makha. Kuyambira tsiku limenelo madzi amakhala ndi timchenga touluka, ndipo khungu la nsomba ndi loterera, timamatirira. Timathovu ta mpweya natonso timamata chimodzimodzi, kungoti ito timanyezimira ukatiyang'ana cham'mbali. Mchenga ndi thovu sizikhalitsa, nsomba ikangodutsa pamene pampu ikukankha madzi zimayoyoka. Ndiye ndinajambula mbali zonse ziwiri 7 koloko, n'kuwerenga: timadontho 7. Ndinajambulanso 10 koloko. Tonse 7 tinali pamalo pomwepo, kamodzi pamwamba penipeni pa diso. Nkhani ya mchenga inathera pomwepo.

Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri ndi matenda otchedwa velvet. Kachilombo kake ndi Amyloodinium ocellatum, ndipo kamayamba kudya makha kasanaonekere pakhungu, moti ena amangopeza nsomba zitafa osaona banga ngakhale limodzi. Ndinatseka makatani, ndinazimitsa magetsi a thanki, n'kuunika ndi tochi mopendekeka kuchokera pamwamba. Velvet ikakhalapo nsomba imaoneka ngati yawazidwa fumbi losalala, nthawi zina lachikasu ngati golide, timadontho tochuluka moti sungayambe n'komwe kuwerenga. Pa yangayi khungu la pakati pa timadontho linali labuluu bwinobwino, ndipo kadontho kalikonse kanali payekha ngati kambewu ka mchere. Ndinafananitsa kapumidwe kake ndi kavidiyo kamene ndinajambula mwezi watha, sindinaone kusiyana. Sinali kuthawa kuwala, sinali kukaima moyang'anizana ndi pampu monga zimachitira nsomba zobanika, ndipo chakudya inadya ndi dyera lake la masiku onse. Ndinapumako pang'ono.

Tili mumdima muja mwana wanga wamng'ono anakuwa, "Adadi, iyinso ili ndi mawanga!" Ankaloza nsomba yanga ina, clownfish yaikazi. Zoonadi, ili ndi timawanga takuda pamimba ndi pachibwano, koma ameneto ndimatidziwa. Clownfish zanga ziwiri zilibe anemone, chamoyo cha m'nyanja chimene nsomba zimenezi zimakonda kubisalamo, ndiye zinasankha kumagona mu korali yotchedwa hammer coral, imene imaziluma pang'ono, ndipo pamalo polumidwapo khungu limada. Si matenda, sizipatsirana, ndipo mawangawo amazimirira okha khungu likazolowera kapena nsomba ikasamuka. Alipo madontho akuda ena obwera ndi tinyongolotsi tosalala, amene amaoneka bwino pa yellow tang ngati wina waibaya ndi nsonga ya bolopeni thupi lonse, koma awa a clownfish ndi osalongosoka, ali kokha kumene thupi limakhudza korali. Ndinaziyang'anitsitsabe ziwirizo chifukwa cha nthenda ina yotchedwa Brooklynella, imene imakonda clownfish. Imeneyo siipanga timadontho, khungu limangochita mbuu n'kumasupuka ngati nsanza. Zonse zinali zowala bwino.

Ndinakumbukanso angelfish imene ndinali nayo kale, imene inatuluka kachotupa koyera kumapeto kwa chipsepse, kokhakhala ngati kanjerewere. Ndinavutika nayo mtima sabata yathunthu, pomwe inali lymphocystis, vayirasi imene ilibe mankhwala ndipo kawirikawiri siipha. Kachotupako kanakhala malo amodzi kwa masabata angapo, kenako kanatha kokha. Ta lerotu n'tosiyana, n'tating'ono, tofanana kukula, tomwazikana.

Cha m'ma 2 koloko ndinaona blue tang ija ikuchita chimene ndinkaopa. Inapendekeka, n'kudzikwecha pamwala kawiri mofulumira, kenako n'kupitiriza kusambira ngati palibe chachitika. Pofika 4 koloko nditajambulanso, timadontho tiwiri ta kumchira tinali titasowa, koma kumutu kunali tatsopano titatu.

Apa m'pamene ndinaimbira mnzanga wina amene wasunga nsomba zimenezi zaka zambiri kuposa ine. Ndinamutumizira zithunzi zonse motsatana.

"Achimwene, imeneyo ndi ich," anatero asanandipatse n'komwe moni wokwanira. "Ndipo mumve bwino. Mawa kapena mkuja mudzadzuka n'kupeza nsomba ili mbee, mudzandiimbira kuti yachira. Musadzanyengedwe."

Ich ndi matenda a timadontho toyera pansomba. Zimenezi ndinkazidziwa, koma kuzimva pakamwa pa wina kunandithandiza. Kachilombo kake ndi Cryptocaryon irritans. Kadontho kamene timaona si kachilombo kokhala pamwamba ayi, kamakhala katalowa pansi pa khungu, ndipo choyeracho ndi malo amene khungu latukuka. Kamadya pamenepo masiku 3 mpaka 7, kenako kamadzigwetsa, nthawi zambiri usiku nsomba ili pogona pake. Kakafika pansi kamamatirira pamwala kapena pamchenga, n'kudzitsekera m'chikwa cholimba, m'menemo n'kumagawikana kukhala mazana. Chikwacho chimasweka pakapita masiku angapo kapena masabata, ndipo pali zina zimene zinapezeka zitakhala masiku 72 zisanasweke. Totulukamo timasambira kufunafuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza tsiku limodzi kapena awiri timafa. M'nyanja zambiri zimatayika m'madzi ochuluka aja. Mu thanki ya malita 400 nsomba imagona pamwamba penipeni pa zikwazo usiku uliwonse.

N'chifukwa chake kusowa kwa timadontho tiwiri tija sikunandisangalatse. Tizilomboto sitinafe, tangotsikira pansi kukaswana.

"Mwaikamo chiyani chatsopano?" anafunsa.

Ndinakhala chete kaye. Goby ija ndinaitenga ikuoneka yonenepa, yoyera, ikudya bwino, ndiye ndinaona ngati kuisunga payokha mwezi wathunthu n'kutaya nthawi. Thanki yaing'ono yosungiramo nsomba zatsopano inali m'chipinda chosungira katundu, mutadzaza nsapato zakale. Chikomekome cha mkuyu. Nsomba ikhoza kubisa ich m'makha osaonetsa kanthu pakhungu, ndipo tang, zimene zimagwidwa msanga kuposa zinzake, ndi zimene zimaulula. Chimandipweteka n'chakuti goby yomweyo imene m'mawa ndimafuna kuti indipulumutse ndi nkhani ya mchenga, ndi imene ndikuiganizira kuti inabweretsa.

Mnzanga uja sanandinyoze kwambiri. Anangoti, "Tulutsani zonse, osati yodwalayo yokha. Ina ikatsala, mwasiyira kachilombo chakudya."

Madzulo onse anathera pamenepo. Ndinakhuthula nsapato zija, ndinatsuka thanki yaing'ono, ndinaikamo hita, kapampu ka mpweya ndi zidutswa za mapaipi a pulasitiki zoti nsomba zizibisalamo. Mchenga ayi, miyala ayi, chifukwa zimamwa kopa ndipo mlingo wake sukhazikika. Madzi ndinasakaniza atsopano, mlingo wa mchere wake pa choyezera 1.025 ngati wa thanki yaikulu, kutentha madigiri 26. Ndinaganizirako njira yotsitsa mchere mpaka 1.009, imene imagwira pa ich, koma siigwira pa velvet, ndipo ngakhale tochi ija inandilimbitsa mtima, sindikufuna kubetcha. Ndipita ndi kopa, kumukweza pang'onopang'ono motsata zolembedwa pabotolo ndi kuyeza tsiku lililonse, chifukwa akachepa sapha kachilombo, akachuluka amapha nsomba. Ndipo amapha kokha totuluka m'zikwa tija tikamasambira, osati tobisala pakhungu, choncho si nkhani ya masiku atatu. Ammonia, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, nayonso ndiziyeza m'mawa ndi madzulo, poti thanki yongoyamba kumene ilibe mabakiteriya okwanira oyeretsa madzi.

Kugwira blue tang pakati pa miyala ndi ntchito imene sindingafunire munthu. Imadzigoneka cham'mbali n'kudzipanikiza mumng'alu woti sungakhulupirire kuti ingakwanemo. Ndinachotsa miyala pafupifupi theka, mayi akunyumba atagwira ndowa, madzi ali tapwi pansi ponse. Sananene kanthu za kabotolo ka m'mawa kaja, anangofunsa kuti, "Ndiye nsapato zija muziika kuti?" Pomaliza ndinaiguzira m'kachidebe koonekera m'malo mwa ukonde, poopa kuti minga yake ya kumchira ingakodwe.

Isanalowe m'nyumba yake yatsopano ndinaiviika mphindi 5 m'madzi opanda mchere, ofanana kutentha ndi pH (mlingo wa asidi m'madzi) ndi a mu thanki, m'ndowa yakuda. Izi sizichotsa ich, poti ili mkati mwa khungu. Ndinkafuna kuona ngati ilinso ndi flukes, tinyongolotsi tophwatalala timene sitioneka pansomba chifukwa n'toonekera ngati galasi, koma tikakhudza madzi opanda mchere timayera n'kuyoyoka. Nsomba inagona cham'mbali mphindi yoyamba, mwana anayamba kulira kuti yafa, ine ndinaigwedeza pang'ono ndi chala n'kudzuka. Titaichotsa tinaunika pansi pa ndowa ndi tochi. Munalibe kanthu.

Clownfish sizinavute, zinangotsatira chakudya mpaka m'chidebe.

Thanki yaikulu iyenera kukhala yopanda nsomba masiku 76, kuti chikwa chomaliza chisweke n'kusowa pogwira. Makorali, nkhono ndi tinkhanu zitsala momwemo, ich siidya zimenezo. Ndinatenga kalendala kuti ndilembe tsiku loyamba, kenako ndinabweza cholembera. Kuwerenga kumayamba nsomba yomaliza ikatuluka, ndipo goby idakali mkati. Itangoona miyala ikusuntha inalowa kuuna wake pansi pa mwala waukulu wa pakona, umene wanyamula makorali anga onse akuluakulu.

Ndadula botolo la pulasitiki, ndatembenuzira kukamwa kwake mkati, ndaikamo chakudya pang'ono n'kuligoneka pafupi ndi khomo la unawo. Panopa ndi 11 koloko usiku, ndakhala pampando ndi tochi yokutidwa ndi nsalu yofiira. Goby yatulutsa mutu kawiri, yayang'ana botolo, n'kulavulira mchenga pakhomo pake. Tang ili mu paipi yake, ndawerenga timadontho 8.