Sikirini yakuda Lachitatu, mlandu n'kugwera ine

Sabata ino yandiwawa kwambiri moti Lachisanu nditafika kunyumba ku Area 25 ndinangokhala pakhonde mpaka mdima, nsima sindinaifune nkomwe. Anzanga amene muli nokhanokha ngati munthu wa IT pa ofesi ya anthu oposa 30 mukudziwa mmene zimakhalira, zinthu zikamayenda palibe amakukumbuka, koma chinthu chimodzi chikangofa dzina lako limamveka mpaka ku geti.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Printer ya pansi imatafuna mapepala, ndinapukuta ma roller n'kuyamba kuyenda. Bambo wina anaiwala pasiwedi kachitatu mwezi uno. Wi-Fi siifika ku boardroom, ndipo siidzafika mpaka adzagule access point yachiwiri, nkhaniyi ndinasiya kuifotokoza. Lachiwiri cha m'ma 4 koloko magetsi anathima, jenereta inalibe dizilo, anthu anangonyamula zikwama n'kumapita. Alonda akuti magetsiwo anabwera usiku, anayaka n'kuthima kangapo konse asanakhazikike.

Lachitatu ndikulowa pa chitseko ndinapeza amayi a ku akaunti akundidikirira ataimirira, chikwama chili m'manja sanachiike n'pansi komwe. "Achimwene, tabwerani mudzaone, kompyuta ikuyaka koma palibe chikuoneka, ndipo ma salary ndikuyenera kutumiza ku banki isanakwane 2 koloko." Amayi amenewa ndi munthu wodekha, sindinawamvepo akukweza mawu, koma tsiku limeneli mawu awo amanjenjemera. Pulogalamu ya malipiro a anthu onse ili pa kompyuta imeneyo basi, kwina kulikonse kulibe.

Ndinadina batani. Kanyali kakutsogolo kanayaka, fani ikuzungulira bwinobwino, koma sikirini ili bii, kenako kabokosi kaja ka No Signal kakuyendayenda. Kabokosi kameneka kamandiuza kale kuti monita ili moyo, koma ndinayamba ndi zotchipa monga mwa nthawi zonse. Ndinalumikiza monita ija ku laputopu yanga ndi chingwe chomwecho cha VGA, chithunzi chinabwera pompopompo, ndiye monita ndi chingwe zilibe mlandu. Kumbuyo doko la VGA ndi limodzi la pa motherboard, board yaikulu imene zipangizo zonse za m'kompyuta zimabayidwapo, mulibe graphics card yoti mwina wina anasokoneza pobaya. Ndinadina Caps Lock ndi Num Lock, tinyali ta pa kiyibodi tili zii. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhaniyi si ya Windows, makinawa sakumaliza ngakhale POST, kudziyeza kumene kompyuta imachita ikangoyaka Windows isanayambe.

Ndinazula chingwe cha magetsi, kudina batani mosalekeza kwa masekondi 30 kuti moto wotsalira uthe, kuzula ma USB onse, kubwezera chingwe. Chimodzimodzi. Basi ndinaitsitsa patebulo n'kutsegula.

Fumbi lake abale. Nyengo ino ya kutentha fumbi la Lilongwe limalowa paliponse, ndipo kompyuta imeneyi imakhala pansi pa tebulo pafupi ndi zenera loyang'ana ku msewu wa dothi. Pa heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, panali chimkeka chofiira cha fumbi chokhuthala ngati bulangete, ndinachita kuchisenda ndi zala. Blower ndinapempha kalekale, ndiye ndimagwiritsa ntchito kaburashi kopentera kamene ndinagula ndekha. Makinawa ndi Core i5 ya third generation, za m'ma 2012, RAM (memory imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) ziwiri za DDR3 za 4GB iliyonse. Windows 11 siingalowemo mwa njira yoyenera, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, koma ndi makina amenewa amene asenza malipiro a ofesi yonse.

Mkatimo munalibe ka speaker kaja kolira, ndiye ndinatulutsa kanga kamene ndimayenda nako m'chikwama n'kukabaya pa ma pin ake. Kuyatsa, zii. Ndinachotsa RAM zonse ziwiri n'kuyatsanso, chifukwa board yamoyo ikapeza kuti mulibe RAM imayenera kulira modandaula. Zii. Mtima unagunda, chifukwa zikatero watsala ndi zitatu, power supply (kabokosi kogawa moto m'kompyuta), motherboard kapena purosesa, ndipo ziwiri zomalizazo pa ofesi pano ndi maliro basi.

Nthawi imeneyi ndi imene abwana analowa. Sanafunse kuti chavuta n'chiyani. Anangoima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Kodi a IT, zimenezi simumaziona zisanachitike? Timakulipirani chifukwa chiyani?" Amayi aja ali pomwepo, mnyamata wa atachimenti ali pomwepo, amayi okonza mu ofesi aima pakhomo ndi chikolopa chawo. Ndinangoti, "Ndikuona kaye bwana, ndikuuzani." Koma m'khosi munali mowawa, chifukwa pansi pa tebulo lomwelo pali UPS, bokosi la batire loteteza kompyuta magetsi akathima kapena akamaseweraseweretsa, imene inafa batire mwezi wa February, ndipo kuyambira pamenepo kompyutayi yakhala ikubayidwa kukhoma kudzera pa ka extension kotchipa. Batire la 12V 7Ah limodzi lokha ndi limene limafunika. Ndinalemba pempho mu February, ndinalembanso mu May, mu August ndinalemba kachitatu n'kuwonjezerapo power supply imodzi yosungira ndi external hard drive ya backup. Yankho ndi lomwelomwelo, bajeti palibe, kapena bweretsa makotesheni atatu. Ukathamanga mtauni ndi ndalama yako ya minibasi n'kuwapeza makotesheniwo amakagona patebulo la munthu wina mpaka masiku ake atha, ndipo ndi mmene mitengo ikusinthira panopa ukabwerera ku shopu amakuuza mtengo wina, uyambirenso. Koma ya workshop ya kunyanja ku Salima bajeti imapezeka, makatani atsopano a mu ofesi yaikulu anabwera sabata imodzi yokha.

Ndinatenga multimeter, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi. Pa connector ya 24-pin ili chibayire pa board, waya wapepo uja wa standby unandipatsa 5V, bwinobwino, ndi chifukwa chake batani limagwira. Nditayatsa, wofiira unali pafupi ndi 5V, wa olenji pafupi ndi 3.3V, koma wachikasu umawerenga 10.6V n'kumatsikatsika. Tonse tikudziwa kuti 12V ikatsika kupitirira 11.4V yatuluka kale m'malire a ATX, muyezo umene ma power supply amenewa amatsata. Waya wotuwa wa Power Good, wouza board kuti moto uli bwino, unali pa ziro. Ndiye nkhani inali imeneyo, fani imazungulira chifukwa fani siisankha, ngakhale moto wochepa imayenda, koma board siilola purosesa kuyamba ntchito ngati chizindikiro chimenecho sichinabwere. Ndinawalitsa tochi ya foni pa timabowo ta power supply, sindinaitsegule, ma capacitor akuluakulu amkatimo amasunga moto woopsa ngakhale utazula kukhoma. Ndinaona ma capacitor awiri ang'onoang'ono atatupa pamwamba, imodzi itatuluka zinthu zofiirira zouma ngati dzimbiri. Inali ikudwala kale ndi kutentha ndi fumbi, magetsi a usiku aja anangoimalizitsa. Anthu ambiri amaganiza kuti ukathimitsa kompyuta basi yatetezeka, osadziwa kuti bola chingwe chili kukhoma mbali ya standby ija imakhala ikugwirabe ntchito usiku wonse.

Ku stolo kuli makompyuta akufa asanu. Ndinapita ndikudziwa kale zimene ndikapeze, onse asanu ndi a power supply yakupsa, matenda omwewa, ndipo zonse zabwino ndinazulamo kalekale. Ya secretary ndi kaja kakang'ono kokhala ndi connector yakeyake, siingalowe. Yotsala inali ya pa reception, tower ngati yomweyi. Ndinapita kwa achemwali a pa reception n'kuwapempha mwaulemu, iwo anangoti, "Tengani achimwene, nanenso salary ndikuifuna." Ndinamasula masikuluwu anayi a power supply yake, kuinyamula kupita nayo ku kompyuta ya ku akaunti, kukabaya 24-pin ndi 4-pin ya purosesa, kubwezera RAM, kuyatsa.

Sikirini yakuda ndithu. Koma ulendo uno ka speaker kanalira, kulira kotalika kobwerezabwereza, ndipo ineyo ndinamva mtima kutsika chifukwa board yolira ndi board yamoyo. Amayi aja anagwira kumutu poganiza kuti zaipiraipira, ndinawauza kuti, "Amayi, musadandaule, kulira kumeneku ndi nkhani yabwino." Ndinachotsa RAM zonse, kupukuta mano agolide aja ndi labala ya pensulo, kupukusa fumbi m'mipata, n'kuyesa imodziimodzi. Yoyamba, kulira. Ndinaisamutsira pa mpata wina, kulira. Yachiwiri ndinangoibaya n'kuyatsa, kanalira kamodzi kokha, kafupi, ndipo zilembo zoyera zinabwera pa sikirini. Inali 11 koloko itadutsa pang'ono. Mnyamata wa atachimenti anawomba m'manja, ine ndinangopukuta thukuta ndi mkono wa shati.

Koma sizinathere pomwepo. Inaima pa uthenga wa CMOS, kamemory ka pa board kosunga tsiku, nthawi ndi ma setting, tsiku litabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Kabatire kake ka CR2032 kamayenera kukhala 3V, aka kamawerenga 1.9V, ndiye nditangozula magetsi BIOS, pulogalamu ya pa board yodzutsa makina, inaiwala zonse. Ndinakonza tsiku ndi nthawi pamanja ndisanalole amayi kutsegula chilichonse, chifukwa tsiku likalakwika tsamba la banki limakana certificate ndipo munthu amayamba kuganiza kuti intaneti ndi imene yavuta. Ndinaonanso SATA mode, setting ya mmene board imalumikizirana ndi hard drive, kuti isakhale yasintha, Windows inadzuka, pang'onopang'ono chifukwa tsopano ikuyendera 4GB yokha, koma inadzuka. Chinthu choyamba ndinakopera foda yonse ya malipiro ndi backup ya pulogalamuyo pa fulashi yanga, yanga ya m'thumba, chifukwa ofesi ilibe poika. Ma salary anapita 1 koloko itangodutsa. Amayi aja anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni," kenako anatuma mnyamata uja kukandigulira Fanta ndi mandasi. Zimenezi zinandikhudza, sindinama.

Cha m'ma 3 koloko foni ya abwana, akufunsa chifukwa chimene kompyuta ya pa reception siikugwira ntchito pamene mawa kukubwera alendo. Ndinafotokoza zonse. Akuti ndione chochita, mawa m'mawa ikhale ikuyaka. Petty cash akuti munthu wosainira kulibe.

Ndiye ndinakwera kabaza kupita ku Old Town, dzuwa likuswa mtengo, kuzungulira mashopu a zamakompyuta. Power supply yatsopano mtengo wake sindikanaufikira. Ndinapeza yakale yochotsa mu makina ena kwa mnyamata wina amene timadziwana, ndipo ndinamuuza kuti, "Aise, sindilipira ndisanayeze." Tinalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda ndi ka paperclip, fani inazungulira, tinabayako hard drive yakale kuti ikhale ndi katundu, wachikasu unawerenga 12.1V osagwedezeka. Ndinalipira ndi ndalama imene ndinasunga ya transipoti ya sabata yamawa, kuwonjezerapo kabatire ka CR2032, n'kupempha risiti. RAM ya DDR3 ndinaisiya, ndalama inali itatha. Ndinamaliza kumanga ya pa reception cha m'ma 6 koloko, ofesi yonse itapita, titatsala ine ndi alonda.

Lachinayi linadutsa ndi alendo, projector, chingwe cha HDMI chimene wina anabwereka osabweza, ndi kuika kabatire kaja.

Lachisanu ku miting'i ya ogwira ntchito onse abwana anati sabata ino malipiro anatsala pang'ono kuchedwa chifukwa cha kufooka kwa mbali ya IT, ndipo a IT aphunzire kumaona mavuto asanafike. Ine sindine munthu woyankha pagulu, makolo anga sanandilere choncho, koma apa ndinaimika dzanja. Ndinali nditasindikiza ma email atatu aja, wa February, wa May ndi wa August, ndinawaika patebulo n'kunena kuti, "Bwana, ndi ulemu wonse, vutoli ndinaliona, ndipo ndinalemba katatu. Batire la UPS likanagulidwa sitikanafika pano, ndipo tikulankhula pano malipiro a anthu onse muno backup yake ili pa fulashi ya m'thumba mwanga." Muchipinda munati zii. Amayi a ku akaunti anayankhula motsitsa mawu kuti zimene ndikunenazo ndi zoona, iwo anaona ndi maso. Abwana anati tikambirana pambali, n'kupita pa mutu wina. Mpaka ndikuweruka sanandiitane.

Risiti yanga inabwezedwa masana omwewo, akuti ndinagula popanda chilolezo cholembedwa ndiponso palibe makotesheni atatu, ndiye ndilembe memo yofotokoza. Memo ndalemba, ndaphatikizapo pempho lachinayi la batire la UPS, external hard drive, RAM imodzi ya DDR3 ndi blower. Mvula yayandikira, ziphaliwali zikubwera, ndipo makompyuta onse a muno ali kukhoma opanda chotchinga. Ndisanatuluke Lachisanu ndinapempha alonda kuti, "Madala, tandithandizeni," ndipo tinayenda chipinda ndi chipinda kuzula mapulagi onse kukhoma, iwo akuwalitsa tochi pansi pa matebulo ine ndikukwawa. Lolemba ndiyenera kufika 7 koloko isanakwane kuti ndidzawabwezere anthu asanayambe kufika, ndipo ya minibasi ndabwereka kwa mlamu wanga.