Chipewa cha agogo m'kalasi ya Sitandade 5

Masabata asanu ndakhala ndikutuluka mu piriyodi ya Expressive Arts mutu ukuwawa. Ndimawagawira ana timapepala ta sewero, aliyense mbali yake, koma akangoima kutsogolo mawu onse amathawa. Pali kamtsikana kena kamene panja kakakuwa kamamveka mpaka kuseri kwa bwalo la mpira. Kakaima pamaso pa anzake kamangoluma chala, maso pansi. Ine n'kumangobwereza kuti, "Kweza mawu! Kwiya, si wakubera mbuzi ameneyu?" Koma ayi ndithu.

Lachitatu lapitali zinatheka, ndipo mpaka lero mtima wanga uli m'malo.

Mapepala ndinawasiya mu ofesi. Ndinalowa nditavala chipewa chakutha, ndodo kumanja, n'kukhala pansi pakati pawo. Ndinati, "Zidzukulu zanga, mbuzi yanga yasowa usiku. Amfumu kulibe, akuti nduna zawo ndinu. Ndithandizeni." Anaseka pang'ono, ine osaseka. Kenako kunangoti zii. Amene anayamba kuyankhula ndi kamtsikana kaja: "Agogo, inu munaimangirira pati?" Mawu omveka mpaka kukhomo. Wina anafunsa ngati khola linali lotseka, wina anati tiitane mlonda wa kuchigayo, ndipo mnyamata wina anadzuka yekha n'kukhala mlondayo, akuyenda motsimphina. Palibe amene ndinamuuza kuti atsimphine.

Chimene ndamvetsa ndi ichi: mwana saopa kuyankhula, amaopa kuyang'anidwa. Ndikamuimika kutsogolo, maso onse ali pa iye. Pamene panabwera mbuzi yosowa, maso onse anapita pa mbuziyo, ndiye lilime linamasuka. Taganizani za masanje. Ana omwewa amakhala bambo, mayi, fisi, tsiku lonse osatopa, popanda wowalembera mawu, chifukwa kumasanje kulibe oonerera. Aliyense ali m'kati. Ine ndinkawachotsa m'kati n'kuwaika poonekera, kenako n'kumadabwa kuti auma.

Njirayi si yanga. Mwini wake ndi Dorothy Heathcote, mayi wa ku Yorkshire ku England, amene ali mtsikana ankagwira ntchito mufakitale yoluka nsalu, pambuyo pake n'kudzaphunzitsa aphunzitsi ku Newcastle. Anamwalira mu 2011. Iye ankalowa yekha m'sewero, kawirikawiri ngati munthu wosowa thandizo, ana n'kukhala akatswiri odziwa zochita. Mphunzitsi amatsika, ana amakwera. Panopa ndikuona ngati palibe phunziro limene lingakanike ndi njira imeneyi. Za ulimi, za ukhondo, ngakhale masamu: khala wogulitsa tomato amene wasokoneza chenji, uone ngati sakuwerengera.

Chimene chikundiwawa n'chakuti kukoleji zimenezi sitinazichitepo ndi thupi. Aphunzitsi athu anatilembera pabolodi zigawo za sewero, ife tinakopera, mayeso tinakhoza. Palibe tsiku limene tinakankhira madesiki kukhoma. Munthu ungaphunzire bwanji kusambira uli pamtunda? Nanga nthawi! Pamene ana agwira nkhani, mlonda akufunsidwa mafunso, belu lalira. Mawa lake moto uja wazima, uyambenso kukoleza. Ndiponso m'kalasi yoyandikana nayo amadandaula phokoso, ndipo sindiwaimba mlandu, khoma lake silifika kudenga.

Komabe pali zimene zikundizunguza. Ana amenewa akadzafika ku sekondale n'kulowa mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'Malawi, adzafunika kuloweza mawu m'Chingerezi, kuima pa siteji, kuyang'ana anthu mazanamazana. Chipewa changa sichiwaphunzitsa zimenezo. Penapake ayenera kuzolowera maso a anthu, ndipo mlatho wochoka kumasanje kufika pa siteji sindinaupeze. Mwina kuyamba ndi magulu aang'onoang'ono, ena akuonerera anzawo kwa mphindi ziwiri zokha.

Lachisanu ndinayesanso, ulendo uno ngati woyendetsa minibasi amene galimoto yamufera pamsewu. Anyamata atatu analanda nkhani yonse, kamtsikana kaja sikanatsegule pakamwa. Ndiye sindikudziwa ngati Lachitatu chinagwira ntchito ndi njirayo, kapena nkhani ya mbuzi imene aliyense akuidziwa kwawo, kapena kungoti zinali zachilendo. Malikisi nawonso sindikudziwa ndiwapatsa bwanji. Sabata yamawa ndibwerera kwa agogo aja, ndikaone ngati ana adzawakumbukire.