Chithunzi chodinda ndi thabwa muzichiyambira poyera

Chithunzi chodinda ndi thabwa (woodcut pa Chingerezi) chimapangidwa ngati chidindo cha ku ofesi. Mmisiri amasema thabwa, n'kulipaka inki pamwamba ndi rola, kenaka n'kukanikizapo pepala. Pomwe tchizulo chadya, inki siifikapo. Choncho chakuda chomwe mukuona ndi thabwa lomwe linasiyidwa, ndipo poyera ponse ndi pomwe panadutsa dzanja la mmisiri. Ambiri amathamangira chakudacho, n'kuphonya ntchito yeniyeni.

Chitsanzo chabwino ndi zithunzi 7 za nkhondo zotchedwa Krieg, zomwe Käthe Kollwitz wa ku Germany anasema mu 1921 ndi 1922, mwana wake atafera ku nkhondo mu 1914. Pa chimodzi, bambo ndi mayi agwada, akumbatirana, nkhope sizikuoneka. Imani patali mamita awiri, mutsinzine pang'ono: anthu awiriwo asanduka mulu umodzi wakuda bii, ngati mwala. Ndiyeno yandikirani. Timizere toyera tochepa ta pamanja ndi pamsana ndi tomwe tikusonyeza kulemera kwa chisonicho. Akanati aseme khwinya lililonse la malaya, mphamvu yonseyo ikanathera pomwepo.

Mzere umaulula chida chomwe chinaudula. Tchizulo cha kamwa ngati V chimasiya mzere wosongoka poyambira, wonenepa pomwe dzanja linakanikiza kwambiri. Cha kamwa ngati U chimakumba malo aakulu, n'kusiya timitumbira pakati pa mikwasa yake, ndipo timitumbirato tikagwira inki timaoneka ngati tizidutswa takuda pamalo poyera. Musafulumire kunena kuti ndi uve. Amisiri a gulu la Die Brücke, lomwe linayamba mumzinda wa Dresden ku Germany mu 1905, ankatisiya dala kuti chithunzi chisaoneke chosalala mopitirira.

Zolakwika zenizeni n'zina. Inki ikachuluka imatsekera timizere toyera ta m'maso ndi m'zala, nkhope n'kufa. Ikachepa, kapena pepala likapanda kutikitidwa mokwanira kumbuyo ndi supuni, chakuda chimatuluka chotuwa, cha mawangamawanga. Tchizulo chobuntha chikadula mopingasa mitsempha ya thabwa chimalitekesa, m'mphepete mwa mzere n'kukhala mothothoka m'malo mokhala mwakuthwa.

Chinanso: chithunzi chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi. Dzanja lomwe papepala ndi lamanzere, pathabwa linasemedwa lamanja.